Soya kwa Mavwere: Inokulanti Payekha Sakwanira

Munthu woyenda pa msewu wa ku Mchinji m'mwezi wa February, akafika m'dziko la Mfumu Mavwere, aona minda ya soya ndi mtedza itakuta mbali zonse. Chikwerereni mtengo wa feteleza mu 2021 ndi 2022, alimi ambiri aika mtima pa mbewu zimenezi, ndipo mbiri yawanda yakuti soya safuna feteleza, angofuna paketi ya inokulanti basi. Mawuwa ali oona mbali imodzi yokha.

Inokulanti ndi ufa wokhala ndi tizilombo tamoyo tosaoneka ndi maso, totchedwa Rhizobium. Tikalowa m'mizu ya soya timanga timfundo, ndipo m'menemo titenga nayitirojeni wa mu mpweya ndi kumsandutsa chakudya cha mbewu. Akatswiri a ku Germany, Hellriegel ndi Wilfarth, ndiwo anaonetsa chinsinsi chimenechi mu 1886. Kuno kwathu, malo ofufuza za ulimi a Boma a Chitedze anapanga inokulanti kwa zaka zambiri, ndipo pambuyo pake panabwera wamalonda wotchedwa Nitrofix.

Koma mbewu ifunanso chakudya china, ndicho fosiforasi, chimene mu mpweya mulibe. Tizilomboto sitingampange, m'malo mwake ntchito yake itheka pokhapokha fosiforasi akakhalapo, pakuti ndiye akulitsa mizu ndi kupatsa timfundo mphamvu. Dothi lofiira lolimidwa zaka zambiri limanga fosiforasi kotero kuti mizu ilephera kumtenga. Zikatero soya apinimbira, timfundo tichepa, ndipo mlimi adandaula kuti anamgulitsa paketi yachabe.

Ku India, kumene amalima nyemba yakuda yapachibale ndi mphodza, alimi ena amapaka mbewu zawo tizilombo ta mitundu iwiri: tina totenga nayitirojeni, tina tomasula fosiforasi womangika m'dothi. Komabe naonso amathira fosiforasi pang'ono, chifukwa chomasulidwa n'chimene chilipo kale. Ntchito ya N2Africa, imene inayamba mu 2009 ndipo inafika ndi ku Malawi, inapeza kuti kawirikawiri soya abereka koposa akalandira inokulanti ndi fosiforasi pamodzi. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Tsono mlimi asunge paketi pamalo ozizira, asakanize mbewu pamthunzi, ndi kubzala tsiku lomwelo m'dothi lachinyezi, popeza dzuwa lipha tizilomboto. Fosiforasi ampeze mu feteleza wa supa kapena m'manyowa owola bwino, makamaka a nkhuku.

Aphunzitsi ndi alangizi ali ndi mwayi woonetsa zimenezi m'munda wa sukulu. Soya akayamba maluwa, ana azule mtengo umodzi mosamala ndi kutumbula kamfundo ndi chikhadabo. M'kati mukakhala mofiirira, tizilombo tili pantchito. Mukakhala moyera kapena mobiriwira, mbewuyo sipindula nato. Mwana woona zimenezi ndi maso ake akazifotokoza kwa makolo nyengo yobzala isanafike.