Kuwonjezera Mphamvu Kainjini ka Panjinga Popanda Kuwononga Thupi

Njinga yakapalasa yomangiridwa kainjini pakati pa felemu sivuta kuizindikira. Imamveka isanaoneke, ndipo ikadutsa imasiya kautsi kabuluu m'mbuyo. Mainjini amenewa amapangidwa ku China ndipo amabwera m'katoni limodzi ndi kathanki ka mafuta, tcheni, ekizozi ndi sprocket yomangirira ku masipoko a tayala lakumbuyo. Kwa munthu wopita ndi katundu kumsika, kapena wokhala kutali ndi kuntchito, kainjini kameneka kamapulumutsa nthawi ndi thukuta pa mtengo wochepa poyerekeza ndi njinga yamoto.

Koma sipatha mwezi mwini wake asanayambe kufunsa chimene angachite kuti njingayo izithamanga kwambiri. Ife othandiza m'dipatimenti ya zaumoyo mumpingo funso limeneli likutikhudza, chifukwa nzeru zina zimene anyamata amapatsana kokonzera njinga zimalipiridwa ndi makutu, mapapo ndi mafupa. Nzeru zabwino zilipo, ndipo zambiri sizifuna ndalama.

Poyamba tidziwe chimene tagula. Ngakhale pakatoni amalemba 80cc, ambiri mwa mainjiniwa ndi a 66cc chabe, ena ndi a 48cc. Ndi a mtundu wa two-stroke, kutanthauza kuti mafuta amaphulika nthawi iliyonse pisitoni ikafika pamwamba. Alibe mosungira oyilo ngati injini ya galimoto. Oyilo amasakanizidwa ndi petulo, amadutsa m'kati kudzoza zitsulo, kenaka amapsera limodzi ndi petuloyo. Ndiko kumene kumachokera utsi wabuluu uja. Komanso pamene mafuta atsopano akulowa, bowo lotulukira utsi limakhala lisanatsekeke, moti petulo wina amathawira kunja asanapse. Amene ali kumbuyo kwa njingayo, kaya ndi mwana wonyamulidwa pakaliyala, amapuma zimenezo.

Muyeso wa oyilo

Kukonza koyamba, kopanda mtengo, ndiko kuyeza oyilo. Mabuku obwera ndi mainjiniwa kawirikawiri amati injini ikadali yatsopano muyeso ukhale 16 kwa 1, ikazolowera ukhale 20 kwa 1 kapena 25 kwa 1. Muyeso wa 20 kwa 1 ndiwo mamililita 50 a oyilo pa lita imodzi ya petulo. Wa 25 kwa 1 ndiwo mamililita 40. Sirinji yopanda singano imayeza bwino kuposa diso. Oyilo akachuluka, utsi umachuluka, pulagi imada, mwaye umatseka ekizozi ndipo mphamvu imatsika. Akachepa, pisitoni imatentha n'kugwira, ndipo tayala lakumbuyo likhoza kuima mwadzidzidzi munthu ali pa liwiro. Oyilo wake akhale wolembedwa 2T. Oyilo wakuda wokhetsedwa m'galimoto si kupulumutsa ndalama ayi: amapha injini msanga ndipo utsi wake ndi woipa kwambiri pachifuwa.

Chachiwiri ndi mpweya. Kasiponji kosefa mpweya kakadzaza fumbi, makamaka m'miyezi ya chilimwe, injini imabanika ngati munthu wa mphumu. Tikachape, kaume, tikapake timadontho ta oyilo, n'kukabwezera. Tionenso ngati mpweya sukulowa mozemba polumikizira kabuleta ndi injini. Chizindikiro chake n'chakuti injini imangolira mokweza yokha ngakhale tasiya kukoka moto. Gasiketi yatsopano imathetsa vutoli.

Pulagi ndiyo imatiuza zoona za m'kati. Tikayenda makilomita angapo n'kuimasula itazizira, nsonga yake izioneka yofiirira ngati tiyi wamkaka. Ikakhala yakuda ndi mwaye, petulo akuchuluka. Ikakhala yoyera mbee, petulo akuchepa ndipo injini ikutentha mopitirira. M'kati mwa kabuleta muli singano yokhala ndi timizere tingapo kumutu kwake, pamene pamakola kachitsulo kakang'ono. Kukweza kachitsuloko mzere umodzi kumachepetsa petulo, kukatsitsa kumawonjezera. Tisinthe mzere umodzi wokha, tiyende, tionenso pulagi. Malo nawonso ali ndi gawo: kumapiri mpweya ndi wopepuka, choncho kabuleta yotcheredwa bwino ku Nsanje, kumene n'kotsika kwambiri, idzapereka petulo wochuluka ku Dedza, kumene kuli pamwamba ndi mamita opitirira 1,500. Mpata wa pansonga ya pulagi ukhale pakati pa 0.6 ndi 0.7 ya milimita.

Zotsalazo n'zimene wanjinga aliyense amazidziwa: matayala opopedwa mokwanira, tcheni chodzozedwa ndi cholunjika, mabuleki osakhuza limu. Koma pali kagudumu kakang'ono kokungira tcheni cha injini, komangidwa pafelemu pafupi ndi tayala lakumbuyo, kamene tikufuna kuti owerenga asakaiwale. Kakamasuka kamapendekera m'masipoko, tayala limakanirira, wokwera n'kuuluka. Injini yotereyi imanjenjemera kwambiri ndipo imamasula mabawuti pang'onopang'ono. Lachisanu masana, pokonzekera Sabata, ndi nthawi yabwino yoyendera bawuti aliyense ndi sipanala.

Ndipo pali mphamvu ina imene anyamata amachita nayo manyazi, ya miyendo. Kupalasa ponyamuka ndi pachitunda kumapeputsa injini, kumasunga petulo, ndipo mtima umapeza ntchito imene unaizolowera kainjini kasanabwere. Timaphunzitsa kuti thupi limafuna kugwira ntchito tsiku ndi tsiku. Sitiona chifukwa chosiyira mapedulo kuchita dzimbiri.

Kumene liwiro limayamba kudula

Sprocket imene imabwera ndi injini kawirikawiri ili ndi mano 44. Kuika ya mano 36 kumawonjezeradi liwiro pamalo osalala, koma njinga imafooka pachitunda ndi ponyamuka ndi katundu. Kwa wonyamula matumba a chimanga kapena wokhala kumapiri a ku Thyolo, ya 44 kapena yokulirapo ndiyo yothandiza.

Nzeru imene timaikana kwathunthu ndi yochotsa zam'kati mwa ekizozi kuti izilira ngati mfuti. Khutu limanamizika: phokoso likakula munthu amaganiza kuti akuuluka, pamene nthawi zambiri mphamvu yonyamukira yatsika ndipo injini yayamba kutentha chifukwa muyeso wa petulo ndi mpweya wasokonekera. Chimene chatayika n'chachikulu. Phokoso la madesibelo 85 limayamba kuwononga makutu munthu akakhalamo maola 8 pa tsiku, ndipo likakwera ndi madesibelo 3 okha, nthawi yotetezeka imatsika ndi theka. Timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Mnyamata amene amamva kulira m'makutu usiku atayenda tsiku lonse walandira kale chenjezo. Tiganizirenso khanda logona kwa aneba, ndi gogo wodwala m'nyumba ya m'mbali mwa msewu. Ngati ekizozi yatsekeka, mankhwala ake ndi kuimasula, kupala mwaye m'kati ndi pabowo la injini, n'kuibwezera yonse.

Ena amapala mutu wa injini kapena kukulitsa mabowo ake ndi tupa. Kwa makaniko wodziwa, zimenezi zimabala mphamvu; kwa wongomvera m'maluwa, zimabala injini yakufa. Koma ngakhale zitatheka, funso limatsala pa mabuleki. Njinga yakapalasa inapangidwira liwiro la miyendo. Kainjini kosasinthidwa kamatha kale kuifikitsa pa makilomita 40 pa ola. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse njinga umawirikiza kanayi: imene imaima pa mamita atatu ikuyenda pa 20, idzafuna mamita 12 ikuyenda pa 40. Choncho kwacha yoyamba ipite ku mabuleki akutsogolo ndi akumbuyo omwe, yachiwiri ku chisoti. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti chisoti chovalidwa bwino panjinga yamoto chimachepetsa ngozi ya imfa ndi 42 pa 100 ndiponso kuvulala m'mutu ndi 69 pa 100. Chikhale chomangidwa lamba pachibwano, osati chongokhazika pamutu.

Makolo, gawo lanu lili pakhomo. Injini isalizidwe m'nyumba kapena m'shedi yotseka, ngakhale kunja kukugwa mvula. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, umene umakanirira m'magazi kuposa okosijeni kopitirira ka 200. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, ndipo ukhoza kupha munthu asanaganize zotuluka. Petulo asasungidwe pafupi ndi mbaula, asakokedwe ndi pakamwa kudzera m'paipi, ndipo asathiridwe m'botolo la zakumwa, chifukwa oyilo wa 2T amamupatsa mtundu wokopa ana. Mwana akamwa, musamusanzitse, pakuti petulo akalowa m'mapapo ndi pamene amavulaza koposa. Muvuleni zovala zonyowa ndi mafutawo, mumusambitse ndi sopo, ndipo mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo, mutatenga botolo limene wamweralo.