Mlandu wa malo a ku Manica umene unakafika ku London

Minda ya tiyi ya ku Honde Valley ndi Chipinge ili m'chigawo cha Manicaland, kumalire a Zimbabwe ndi Mozambique. Atsamunda ankalimbirana dera la Manica, mpaka Companhia de Moçambique inakasumira British South Africa Company ku London poti inalanda malo ndi migodi. Mu 1893 oweruza anagamula kuti makhoti a ku England sangazenge milandu ya malo a kunja.

Lamulo la 1982 linasintha zimenezi. Mu 2019 anthu 1,826 a kufupi ndi Chingola ku Zambia analoledwa kusumira Vedanta ku England podandaula kuti mgodi unawaipitsira madzi. Choncho alimi amene kampani ya kumeneko yawaonongera nthaka akhoza kuilondola kwawo, koma mkangano wa umwini wa munda umaweruzidwa m'dziko limene mundawo uli.