Mamita 95 a ku Austin Asatinyenge

Pa 28 Novembala 2014, wapolisi Adam Johnson wa ku Austin, m'boma la Texas, anagwetsa munthu amene ankawombera nyumba za boma. Anamuwombera kamodzi kokha ndi pisitoli ali pamtunda wa mamita pafupifupi 95, dzanja lina litagwira zingwe za mahatchi awiri. Ambiri amatchula nkhaniyi ngati umboni wakuti wapolisi wophunzitsidwa bwino saphonya. Ine ndikukana. Pisitoli ndi yaifupi: tizitsulo tiwiri toyang'anirapo polunjika timatalikirana masentimita pafupifupi 15 okha, choncho dzanja likasuntha n'kupatutsa kachitsulo kakutsogolo ndi milimita imodzi, chipolopolo chimapatuka masentimita oposa 60 pamtunda ngati umenewo. Ndiye dzanja la munthu amene mtima ukumugunda ndi mantha lingakhale bata?

Kafukufuku wa bungwe la RAND wa 2008 anapeza kuti kuyambira 1998 mpaka 2006, apolisi a ku New York powomberana ndi zigawenga ankalasa ndi zipolopolo 18 zokha pa 100 zilizonse. Zotsalazo zimagwera penapake. Mu 2012, pafupi ndi Empire State Building, apolisi awiri anawombera ka 16 ali pafupi ndithu, koma anthu 9 odutsa anavulala. Wina anganene kuti mankhwala ake n'kuwonjezera maphunziro. Ndikuvomera, maphunziro ngofunika, koma chandamale cha pepala sichithamanga, sichibwezera, ndipo kumbuyo kwake kulibe mwana wa munthu. Wapolisi aphunzitsidwenso kuzindikira pamene mtunda wamukulira, abisale, aitane anzake a mfuti zazitali.