Akatuluka ku Chimbokaila, agone kuti?

Munthu akatuluka kundende ya Chimbokaila kapena ya Mukobeko ku Kabwe, mavuto ake amayambira pachipata. Ndawaona ena akuyenda khomo ndi khomo ku Kanyama ndi ku Chawama, kachikwama m'manja, kufuna kachipinda kamodzi kokha.

M'komboni eni nyumba safunsa kalata ya ku polisi ayi. Amafunsa NRC, ntchito yomwe ukugwira, ndi lendi ya miyezi iwiri kapena itatu yolipiriratu. Chimene chimamtsekera khomo munthu ndi pakamwa pa anthu. Pabwalo limodzi mabanja angapo amagawana mpopi, chimbudzi ndi mita ya ZESCO, ndiye mnansi mmodzi akangonong'ona kuti "uja anali mkati", mawa lake wofuna chipindayo amauzidwa kuti chipinda chapita kale. Zimandiwawa, chifukwa mu 2016 dzina la Zambia Prisons Service linasinthidwa kukhala Zambia Correctional Service, kutanthauza kuti cholinga n'kukonza munthu. Nanga wokonzedwayo tikum'kaniranji?

Kwa inu amene mwangotuluka, musapite nokha. Tengani m'busa, mkulu wa mpingo kapena wachibale wodziwika m'deralo kuti akuyimireni umboni. Mukafunsidwa za kale, nenani zoona mwachidule mphekesera zisanakutsogolereni. Polipira, pemphani lisiti, ngakhale kakhale kapepala ka m'kope. Bungwe la PRISCCA, lomwe anayambitsa a Godfrey Malembeka atatuluka m'ndende iwonso, limathandiza akaidi ndi omasulidwa kumene.

Inu eni nyumba a ku Matero ndi ku Mtendere, m'patseni munthuyo miyezi itatu muone khalidwe lake.