BATIRE LA NJINGA YA MAGETSI LIMAFA NDI NJALA

Anthu a ku Salisbury Lines mu mzinda wa Mzuzu, monganso anthu a m'midzi yambiri, amalidziwa bwino batire lolemera lija la mtovu ndi asidi. Liri m'galimoto, liri pa njinga yamoto ya kabaza, ndiponso liri m'nyumba zimene ziri ndi sola pa denga. Njinga za magetsi zotsika mtengo zocokera ku China, zija zosamwa petulo, zambiri zimayendera batire la mtundu womwewo. Pa njinga yotere cinthu codya ndalama koposa ndi batire. Likasamalidwa likhoza kutha zaka ziwiri kapena kupitirira, koma likanyozedwa limafa m'miyezi yowerengeka. Ndipo cimene cimapha mabatire ambiri ndi kuwagoneka opanda moto.

M'kati mwa batire

Batire limeneli analitulukira munthu wa ku France, dzina lace Gaston Planté, m'caka ca 1859. Batire la mavolti 12 liri ndi zipinda 6, ndipo cipinda ciri conse cimapereka mavolti 2. M'zipindamo muli mapuleti a mtovu onyowa ndi asidi. Pamene njinga iri kuyenda, asidi amagwirana ndi mtovu, ndipo pa mapuleti pamamera kanthu konga mcere, kamene akatswiri amakacha sulphate. Munthu akachaja batire, mcerewo umasungunuka, asidi nabwerera mwakale.

Bvuto limayamba batire likasiyidwa masiku ambiri losachaja. Mcere uja umauma ndi kukakamira, monga nkhoko za nsima mu mphika umene sunabviikidwe m'madzi. Ukauma cotere susungunukanso, ndipo malo osungira moto amacepa. Cifukwa cace lamulo loyamba ndi ili: njinga ikagwira nchito lero, ichajidwe lero lomwe.

Lamulo laciwiri ndi lakuti batire lisamathe moto wonse. Batire lomalizidwa moto tsiku ndi tsiku limapirira maulendo 200 kapena 300 okha, pamene lochajidwa moto ukafika pa theka limapirira pafupifupi kawiri kwace. Mwacitsanzo, njinga ya mavolti 48 ya mabatire olembedwa 20Ah imayenda makilomita 40 kapena 50 pa mseu wosalala mabatirewo ali atsopano. Kucokera ku Mzuzu kukafika ku Ekwendeni ndi makilomita pafupifupi 20. Tsono munthu wanzeru amachajako asanabwerere, popeza zitunda ndi katundu wolemera zimadya moto wambiri.

Ng'ombe za pa goli limodzi

Njinga ya mavolti 48 iri ndi mabatire anayi a mavolti 12 olumikizidwa mondondozana. Ya mavolti 60 iri ndi asanu, ndipo ya 72 iri ndi asanu ndi limodzi. Amagwira nchito ngati ng'ombe zokoka ngolo: imodzi ikafooka, ngolo yonse imayenda monga mwa mphamvu ya yofookayo. Makaniko amene ali ndi mita akhoza kuyesa batire liri lonse palokha. Lodzaza bwino, litapuma maola angapo, limaonetsa mavolti 12.7 kapena kuposerapo pang'ono. Likaonetsa 12.1 ndiye kuti moto uli pafupi ndi theka. Ngati limodzi likutsalira anzace nthawi zonse, limenelo liri kudwala.

Ambiri amagula batire limodzi latsopano naliika pakati pa akale atatu pofuna kupulumutsa ndalama. Kutero sikupindula, cifukwa akalewo amalikalambitsa msanga. Mabatire akatopa ndi bwino kuwasintha onse pamodzi, a msinkhu umodzi ndi a mtundu umodzi.

Kachajidwe koyenera

Njinga iri yonse iri ndi chaja yace. Chaja ya njinga ya mavolti 48 imatulutsa mavolti pafupifupi 59, ndiwo oyenera kudzaza mabatire anayi. Chaja ya njinga ya mavolti 60 ikaikidwa pamenepo imaphika mabatire mpaka kutupa. Ya mabatire a lithium nayonso siyenera. Kubwerekana machaja kwaphetsa mabatire ambiri.

Mwini njinga akafika pa khomo ayenera kuipumitsa theka la ola kuti mabatire azizire. Kenaka alumikize chaja ku njinga poyamba, pambuyo pace ku khoma. Kudzaza kumatenga maola 6 mpaka 10, ndipo kumadya yuniti imodzi ndi pang'ono ya magetsi a ESCOM. Kanyali kofiira kakasanduka kobiriwira, adikire ola limodzi kapena awiri ndi kuzula chaja. Ngati kanyaliko sikasintha ndipo mabatire atentha, azule msanga ndi kukaonana ndi makaniko.

Magetsi a m'dziko lino sakhala okhazikika nthawi zonse. Kumapeto kwa January m'caka ca 2022, mphepo ya mkuntho yochedwa Ana inaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka m'caka ca 2023. Pa nthawi zotere mwini njinga asadikire usiku, koma achaje pomwe magetsi ayaka. Kuchaja kodukizadukiza sikuononga batire, malinga lidzazidwe ndithu kamodzi pa sabata. Njinga yoimikidwa nthawi yaitali isungidwe yodzaza, ndipo ichajidwenso mwezi uli wonse, popeza batire limataya moto ngakhale liri cikhalire.

Madzi, dzuwa ndi moto

Salisbury Lines ndi malo otsika a dambo, ndipo m'nyengo ya dzinja madzi amalowa m'nyumba zambiri. Chaja isaikidwe pansi, koma pa tebulo kapena pa njerwa zouma, ndipo njinga yonyowa iyambe yauma isanachajidwe. M'miyezi ya cisanu ya June ndi July njinga imayenda mtunda wocepa, koma kumeneko sikufa kwa batire. Mdani weniweni ndi kutentha: batire losungidwa pa madigiri 35 limakhala theka la moyo wa losungidwa pa 25. Njinga iziimikidwa pa mthunzi.

Pochaja, batire limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ukakumana ndi moto. Zenera likhale lotsegula, ndipo mbaula, kandulo ndi fodya zikhale kutali. Mabatire a pa njinga ambiri ndi omata, osafuna kutsegulidwa kapena kuthiridwa madzi. A zotsekera pamwamba, monga ena a sola, amafuna madzi a batire ogula, okwanira kumiza mapuleti. Madzi a pa citsime ali ndi mcere woononga mapuleti, ndipo kuonjezera asidi sikudzutsa batire lakufa. Pa mitu ya batire pakamera dzimbiri loyera, patsukidwe ndi madzi osakaniza soda yemweyo wothira m'therere, kenaka papakidwe girizi pang'ono. Asidi akagwera pa khungu kapena m'maso, munthu asambe ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo ngati ndi m'maso afulumire ku cipatala.

Batire likafa

Batire lakufa likadali ndi mtovu, ndipo mtovu ndi poizoni woononga ubongo wa ana. Ena amaliswa kuti asungunule mtovu wogulitsa kapena wolemetsera ukonde. Zimene zinacitika m'maiko ena zikhale cenjezo. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi mzinda wa Dakar m'dziko la Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa November 2007 ndi March 2008 cifukwa ca mtovu wa mabatire oswedwa pakati pa nyumba za anthu. Ku Kabwe m'dziko la Zambia mgodi wa mtovu unatsekedwa m'caka ca 1994, koma mtovuwo unatsalira m'dothi ndi kupitiriza kudwalitsa ana.

Kumalo monga Salisbury Lines, kumene madzi ali pafupi pansi pa nthaka ndipo zitsime ndi zosazama, cotayidwa pa bwalo sicicedwa kufika m'madzi. Batire lakufa lisaswedwe, lisakhuthulidwe, lisatayidwe m'dzenje, ndipo ana asaseweretse. Lisungidwe coimirira pamalo ouma kufikira litaperekedwa lathunthu kwa ogulitsa mabatire kapena ogula akutha. Mafumu, aphunzitsi ndi atsogoleri a mabungwe a kabaza angathandize kwambiri pofotokozera anthu awo zinthu zimenezi.