Kaundula wa Tiyi ku Thyolo: Asunga Kiyi Ndani?

Tiyi adayamba kubzalidwa m'boma la Thyolo m'chaka cha 1908, ndipo chiyambire pamenepo moyo wa munthu wa pa esiteti watsamira pa kanthu kakang'ono: cholemba cha kalaliki. M'masiku a thangata, amene lamulo lidawathetsa m'chaka cha 1962, wantchito ankayenda ndi tikiti, ndipo tsiku limene kapitawo wakana kulichonga linali lotayika, ngakhale thukuta lidagwa. Lero mayi wothyola tiyi afika ndi dengu lake pa sikelo, makilogalamu alembedwa, ndipo malipiro ake achokera pa chiwerengero chimenecho. Mlimi wamng'ono wa m'bungwe la Msuwadzi, amene agulitsa masamba ake ku fakitale ya Satemwa, nayenso adikira chiwerengero chomwecho.

Chimene chasintha ndi malo ogona chiwerengerocho. Mabuku akuda a mu ofesi akucheperachepera, ndipo maina, makilogalamu ndi malipiro zikulowa m'nkhokwe ya kaundula ya m'kompyuta, imene akatswiri aitcha database. Nkhokweyi ikhala m'makina aakulu otchedwa seva, amene sazima usana ndi usiku. Seva imodzi ikhoza kusunga nkhokwe za eni ambiri, monga mwini nyumba ya lendi apatsa aliyense chipinda chake ndi kiyi wake. Kampani yolemera igula seva yakeyake. Koma bungwe la alimi, sukulu kapena chipatala chaching'ono, chimene sichingagule makina ndi kulemba katswiri, chiyenera kubwereka malo kwa wina, ndi kufikira kaundula wake kudzera pa intaneti.

Tsono pamenepa pabuka udindo watsopano, wa munthu woyang'anira seva. Sathyola tsamba, saoneka pa sikelo, komatu ali ndi mphamvu yoposa ya kapitawo aliyense wakale, pakuti kiyi wa zipinda zonse ali m'manja mwake.

Ntchito yake yoyamba ndiyo kugawa zilolezo. Kalaliki wa pa sikelo aloledwe kulemba, koma asathe kufufuta. Wokonza malipiro aloledwe kuwerenga makilogalamu, koma asathe kuwasintha. Ndipo bungwe lina lisasuzumire m'chipinda cha linzake. Kuwonjezera apo, makina ayenera kulemba okha dzina la aliyense wokhudza kaundula, ola limene wakhudza, ndi chimene wasintha, ndipo cholembedwa chimenecho chisungidwe kumene iye mwini sangafike. Antchito a Boma adziwa bwino chifukwa chake. M'chaka cha 2013, pa kuba kuja kotchedwa Cashgate, anthu ena adalowa m'makina olipirira a Boma otchedwa IFMIS, nalemba macheke a ntchito zosagwiridwa, kenaka nafufuta mapazi awo. Owerengera ndalama a Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Sikuti makinawo adaonongeka ayi. Chitseko ndicho chidali ndi makiyi ochuluka. Chinyengo cha mtundu womwewo pa esiteti sichingatchuke m'nyuzi, pakuti chingakhale cha makilogalamu awiri pano, atatu apo, koma kwa mayi wolipirira mwana fizi ndi chachikulu ndithu.

Palinso nkhani ya makope. Buku likanyowa, masamba ena atsala. Seva ikapsa, zonse zipita kamodzi. Chifukwa chake woyang'anira wanzeru akopera nkhokwe yonse tsiku ndi tsiku, naika kopelo kutali, nayesanso nthawi ndi nthawi ngati likutseguka, popeza kope losayesedwa lili ngati nkhokwe ya chimanga imene mwini sanaisuzumire chiyambire kukolola. Anthu a kumwera safuna kuuzidwa za ngozi. Mu January 2022 namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu March 2023 namondwe Freddy adagumula misewu ndi milatho ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Blantyre. Kope losungidwa m'nyumba imodzi ndi seva likadamira nayo pamodzi.

Kubwereka malo nakonso kuli ndi minga yake. Kumayambiriro kwa 2024 makina opangira mapasipoti adaima kwa milungu yambiri, ndipo mu February Dr Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti adagwira makinawo nafuna dipo, limene Boma lidakana kupereka. Ngati nthambi ya Boma ikhoza kutsekeredwa kunja kwa kaundula wake, nanga bungwe la alimi a tiyi? Mlembi wa bungwe asanasaine pangano ayenera kufunsa kumene seva ili, amene ali ndi kiyi wamkulu, ndi masiku amene adzadikira kuti alandire kaundula wake yense akafuna kuchoka.

Boma latengapo mbali ziwiri. M'chaka cha 2022 lidatsegula malo osungira makina oterewa a National Data Centre mu mzinda wa Blantyre, omangidwa mothandizana ndi kampani ya Huawei, kuti kaundula wa dziko agone m'dziko momwe muno. M'chaka cha 2024 lamulo la Data Protection Act lidayamba kugwira ntchito, ndipo bungwe la MACRA ndilo lidapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli lipatsa munthu ufulu woona zimene zalembedwa za iye ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe. Wothyola tiyi ali nawo ufulu umenewu chimodzimodzi ndi mphunzitsi wofuna kuona zaka zake za ntchito asanapume.

Vuto lili pakuti mayi wa pa sikelo sangatsutse makina ndi pakamwa pokha. Asowa umboni wa m'manja mwake, kaya kapepala kosonyeza tsiku ndi makilogalamu, kaya uthenga wa pa foni, zimene akhoza kufanizira ndi malipiro pakutha pa mwezi, monga agogo ake ankawerengera zichongo za pa tikiti.