TIMASHUGA TIMENE TILAMULIRA KUUNDANA KWA MAGAZI

MLIMI akadzitema ndi khasu ku Kapatamoyo, magazi aleka okha patapita mphindi zocepa. Koma kwa mai wina pobereka, magazi sakhalira kuleka, ndipo anamwino a pa Chipata Central Hospital, pa Mwami kapena pa St Francis ku Katete athamangira botolo la magazi kuti apulumutse moyo. Zifukwa zace nzambiri, ndipo cacikuru ndico cibaliro cosabwerera msanga m'malo mwace. Koma akatswiri apeza kuti pa kuundana kwa magazi palinso nchito ya timashuga.

Shuga ameneyu si wa ku Nakambala wothira mu tiyi, ndiponso sakhudzana ndi nthenda ya shuga. Ndi timikanda tating'ono timene thupi limangirira pa mapuloteni a m'magazi.

M'caka ca 1901 Karl Landsteiner wa ku Vienna anatulukira mitundu ya magazi imene lero ichedwa A, B ndi O. Pambuyo pace kunadziwika kuti cosiyanitsa mitunduyi ndi kashuga kamodzi kakumapeto, kamene a mtundu wa O alibe. Mu 1926 dotolo wa ku Finland, Erik von Willebrand, analemba za banja lina la pa zisumbu za Åland limene anthu ace anali kukha magazi kosaleka. Puloteni imene inali kuperewera mwa iwo inapatsidwa dzina lace. Nchito yace ndiyo kumata pa bala tizidutswa totseka magazi, ndi kunyamula inzace yochedwa Factor VIII.

Puloteniyi ibvala timashuga tomwe tija ta A, B ndi O. Mwa anthu a mtundu wa O thupi liicotsa msanga m'magazi, kotero icepa ndi pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo anai. Imeneyi si nthenda ai. Iwo angakhe magazi mopitirirako pang'ono, pamene a mitundu inayo ndiwo agwidwa kawiri-kawiri ndi magazi oundana m'mitsempha ya m'miyendo.

Ciwindi naco cili ndi mbali yace. Ndico cipanga fibrinogen, puloteni imene iluka ukonde wa pa bala. Cikaonongeka ndi kacasu kapena ndi nthenda ya hepatitis B, cionjeza pa puloteniyo shuga wochedwa sialic acid, ndipo ukondewo ucedwa kulukika.

Motero munthu amene akha mfuno kawiri-kawiri, kapena mai amene ataya magazi ambiri pamwezi, ayenera kuuza adotolo asanazulidwe dzino, asanacitidwe opareshoni, ndiponso poyamba sikelo ya pakati. Magazi sapangidwa ku fakitale. Botolo lililonse limene bungwe la Zambia National Blood Transfusion Service lisunga licokera m'mkono wa munthu wodzipereka, ndipo opereka afunika caka conse, a mitundu yonse.